Mafunso a Owerenga: Kodi Wogula Wamba Angaigonjetse Kampani Yaikulu?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akudandaula za mitengo, za katundu wosakhala bwino ndiponso za makampani amene samva za munthu. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa. Monga mwa chizolowezi, maina a olemba sitinawasindikize, ndipo maina a sitolo ndi makampani amene akudandaulidwa tawachotsa chifukwa sitinamve mbali yawo.

FUNSO: Ndili ndi golosale yaing'ono ku Ndirande. Shuga atayamba kusowa, sitolo imene ndimapikulako katundu inanena kuti munthu sangagule belo la shuga pokhapokha atagulanso katoni ya sopo kapena ya zakumwa zimene siziyenda malonda. Nditapita ku sitolo zina ziwiri ndinapeza mawu omwewo ndi mtengo womwewo. Tikadandaula amatiuza kuti amene sakufuna achoke pamzere apatse mpata anzake. Kodi munthu wochepa mphamvu ngati ine angachite chiyani?
Mayi wa golosale, Ndirande, Blantyre

YANKHO: Mayi, choyamba dziwani kuti zimene mwafotokozazi si mwambo wa malonda umene muyenera kungoupirira. Lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene linakhazikitsidwa koyamba mu 1998 ndipo linalembedwanso mwatsopano mu 2024, limaletsa kukakamiza wogula kutenga katundu amene sakumufuna kuti apatsidwe amene akumufuna, ndipo limaletsanso ochita malonda kupangana mitengo mwamseri. Bungwe lolondoloza lamuloli ndi Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangolitchula kuti CFTC. Lamulo latsopanoli linalipatsa mphamvu zolipitsa chindapusa palokha, ndipo kampani yopezeka yolakwa ingathe kulipitsidwa mpaka K10 pa K100 iliyonse imene imapeza pa chaka.

Koma bungwe limene lili mu ofesi silingadziwe zimene zikuchitika pamzere wa shuga ngati amene waima pamzerewo sanalidziwitse. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikufotokozereni zimene zinachitika ku Cape Town, m'dziko la South Africa, mu Disembala 2006, chifukwa amene anaziyambitsa anali munthu wa malonda ang'onoang'ono ngati inu. Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, anthu opikula buledi ku mabekale akuluakulu n'kumakagawa m'magolosale anauzidwa kuti mtengo wa buledi ukwera ndiponso kuti ndalama imene ankawachotsera pa lofu iliyonse ichepetsedwa. Chodabwitsa chinali chakuti uthengawu unachokera ku makampani osiyana, amene pamaso pa anthu ankaoneka ngati akulimbirana msika, koma unafika nthawi imodzi ndipo unali wofanana. Mmodzi mwa opikulawo, Imraahn Mukaddam, anakadandaula ku Competition Commission ya dzikolo. Kafukufuku atayamba, kampani ya Premier Foods inaona kuti madzi achita katondo, ndipo inaulula za misonkhano ya mseri posinthana ndi chikhululuko. Tiger Brands inavomera kulakwa ndipo mu 2007 inalipitsidwa pafupifupi R99 miliyoni. Pioneer Foods inakana mlandu, inalimbana nawo, koma mu 2010 inagonja n'kulipitsidwa pafupifupi R196 miliyoni.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinatha mokoma. Chindapusa chonsecho chinapita ku thumba la boma; munthu amene anagula buledi wodula sanabwezeredwe kanthu m'manja. Mlandu wa Mukaddam wofuna chipukutamisozi unafika ku Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo aakulu a dzikolo, mu 2013, ndipo ngakhale pamenepo funso linali lakuti kodi opikula buledi aja angaloledwe kusuma monga gulu. Komabe mgwirizano wamseri uja unasweka, ndipo unasweka chifukwa munthu mmodzi anazindikira kuti mauthenga ofanana ochokera kwa opikisana ndi nkhani yoyenera kulembedwa.

Tsono chitani izi. Lembani m'kope tsiku, dzina la sitolo, mtengo wa belo, katundu amene anakukakamizani kugula ndi mawu enieni amene wogulitsa ananena. Sungani malisiti onse, ndipo ngati akukana kupereka lisiti lembaninso zimenezo, chifukwa n'zolakwika pazokha. Pezani anzanu a magolosale asanu kapena khumi amene anakumana ndi zomwezi kuti musaine kalata imodzi, ndipo mukaipereka mutsale ndi ina yodindidwa chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa. Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: kufanana kwa mitengo pakokha si umboni wakuti sitolozo zinapangana, chifukwa mwina zonse zimagula kumodzi pa mtengo umodzi. Musalembe kuti anapangana. Lembani zimene munaona ndi kumva, ndipo za kupanganazo muwasiyire a kafukufuku amene ali ndi mphamvu zoitanitsa mabuku a sitolozo.

FUNSO: Ndimaphunzitsa ana asukulu za ufulu wa nzika ndi demokalase, koma mumtima mwanga ndimakayika. Makampani akuluakulu ali ndi ndalama zoposa bajeti ya dziko lathu, ali ndi maloya ambirimbiri, ndipo amadyera limodzi ndi andale. Voti yathu imasankha phungu ndi pulezidenti koma siisankha mkulu wa kampani. Kodi pali pamene anthu wamba anapambanapo makampani otere, kapena ndikuwaphunzitsa anawa maloto chabe?
Mphunzitsi wa sekondale, Mchinji

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu ndi limene ndikhalitsepo, chifukwa yankho lake lili m'nyumba zambiri za m'Malawi muno, m'kabotolo ka mapiritsi kamene munthu amakatenga kuchipatala popanda kulipira.

M'chaka cha 2000, mankhwala atatu ophatikiza otalikitsa moyo wa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ankagulidwa pa mtengo woposa $10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mtengowu sunkachokera pa kuvuta kwa kapangidwe kake. Unkachokera pa chilolezo chotchedwa patent, chimene chimapatsa kampani yotulukira mankhwala ufulu wokhala yokha pamsika kwa zaka 20, ndipo amene ali yekha pamsika amatchula mtengo umene wafuna. Mu 1997 boma la Nelson Mandela linasintha lamulo la mankhwala kuti dziko la South Africa lizitha kuitanitsa mankhwala kumene akupezeka motsika mtengo. Mu Febuluwale 1998 makampani opanga mankhwala analisumira bomalo, ndipo pofika nthawi yozenga mlandu analipo 39. Boma la United States linali kumbali ya makampaniwo ndipo linkaopseza South Africa pa nkhani za malonda, mpaka pamene omenyera ufulu wa odwala a ku America komweko anayamba kusokoneza misonkhano ya wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, Al Gore, mu 1999, nthawi imene ankafuna upulezidenti. Onani pamenepo, aphunzitsi: voti siisankha mkulu wa kampani, koma imagwira pakhosi wandale amene akuikira kumbuyo kampaniyo.

Pa 10 Disembala 1998, kagulu kochepa ka anthu kanasonkhana pa masitepe a tchalitchi cha St George's ku Cape Town n'kukhazikitsa bungwe la Treatment Action Campaign, kapena kuti TAC. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali Zackie Achmat, amene iye mwini anali ndi kachilombo. Mwezi womwewo, mayi wina dzina lake Gugu Dlamini anaphedwa ndi anthu a m'dera lake ku KwaMashu, pafupi ndi Durban, chifukwa choulula poyera kuti ali ndi kachilomboka. Poyankha, mamembala a TAC anayamba kuvala malaya olembedwa kuti HIV Positive pachifuwa, kaya ali nako kaya alibe, kuti manyazi athe mphamvu.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri pa gululi si zionetsero zake ayi, ngakhale zinali zazikulu, koma sukulu imene linatsegula m'madera a anthu osauka monga Khayelitsha. Anthu ankakhala pansi m'maholo ndi m'matchalitchi kuphunzira mmene kachilombo kamafooketsera chitetezo cha m'thupi, maina a mankhwala, ntchito ya aliwonse, mavuto amene angabwere ukamamwa, kampani imene imawapanga ndi mtengo wake m'maiko osiyanasiyana. Mayi amene sanamalize sukulu ankatha kuimirira pamaso pa dokotala kapena nduna n'kufunsa chifukwa chimene piritsi lomwelo likudulira kuno pamene ku India n'lotchipa. Munthu wotere n'ngovuta kumunamiza, ndipo n'ngovutanso kumuthamangitsa ndi mawu akuti nkhaniyi ndi ya akatswiri.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsa mmene ankagwirira ntchito. Panali mankhwala otchedwa fluconazole, ochiza zilonda zoyera za m'kamwa ndi kummero komanso mtundu wina wa matenda oumitsa khosi amene ankapha odwala Edzi ambiri. Ku South Africa kampani ya Pfizer ndi yokhayo inali ndi ufulu wowagulitsa, pa dzina lakuti Diflucan. Mu Okutobala 2000 Achmat anapita ku Thailand, anagula makapisozi 5,000 a mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina pa mtengo wosafika R2 kamodzi, anawaika m'chikwama n'kubwera nawo. Sanawabise. Anaitana atolankhani, anawaonetsa mankhwalawo ndi mitengo iwiri ija, umene wa kwawo unali wowirikiza koposa ka 10, ndipo anati amene akufuna kumumanga amumange. Kampaniyo sinamuzenge mlandu, ndipo posakhalitsa inagwirizana ndi boma zopereka mankhwalawo mwaulere m'zipatala za boma.

Mu Febuluwale 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inalengeza kuti ingathe kugulitsa mankhwala atatu ophatikiza aja kwa bungwe la madokotala othandiza anthu ovutika la Médecins Sans Frontières pa $350 pa munthu pa chaka, ndalama yosakwana dola imodzi pa tsiku. Mlandu wa makampani 39 uja unayamba ku khoti lalikulu la ku Pretoria pa 5 Malichi 2001, anthu zikwizikwi a TAC, a mipingo ndi a mabungwe a apantchito a COSATU akuimba kunja. TAC inapempha kulowa mu mlanduwo monga bwenzi la khoti, kutanthauza wongothandiza khoti ndi mfundo ndi umboni, ndipo woweruza Bernard Ngoepe anavomera. Zikalata zake zinali ndi umboni wolumbirira wa odwala enieni, ndipo zinafuna kuti makampaniwo afotokoze mmene amafikira pa mitengo yawo ndi ndalama zimene anawonongadi pa kafukufuku. Limeneli ndi funso limene makampaniwo sankafuna kuliyankha pabwalo. Pa 19 Epulo 2001 anauchotsa mlanduwo, ndipo anavomera kulipira ndalama zimene boma linawononga. Mu Novembala chaka chomwecho, maiko a m'bungwe la World Trade Organization atakumana ku Doha anavomereza kuti malamulo a patent sayenera kutsekereza dziko kuteteza umoyo wa anthu ake.

Apa mpamene ana asukulu anu ayenera kumvetsera bwino, chifukwa nkhaniyi imanenedwa kawirikawiri ngati inathera pa khomo la khoti lija. Makampani atagonja, mapiritsi sanafikebe kwa odwala, chifukwa boma lomwe TAC inaliikira kumbuyo linali litasanduka chopinga. Pulezidenti Thabo Mbeki ankakayikira zoti HIV ndiyo imayambitsa Edzi, ndipo nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo ndi ndiwo zamasamba m'malo mwa mankhwala. TAC inatembenuka n'kulisumira boma, ndipo mu Julaye 2002 Constitutional Court inalamula kuti amayi oyembekezera azipatsidwa nevirapine kuti asapatsire ana awo kachilombo. Mu Seputembala 2002 mayi wina dzina lake Hazel Tau pamodzi ndi anzake anakadandaula ku Competition Commission kuti GlaxoSmithKline ndi Boehringer Ingelheim akudulitsa mankhwala mopyola muyeso, ndipo mu Disembala 2003 makampani awiriwa anavomera kulola ena kupanga mankhwalawo. Achmat, amene anali atalumbira kuti samwa ma ARV mpaka osauka ayambe kuwapeza, anayamba kumwa mu 2003 thupi litafooka kwambiri, ndipo boma linayamba kugawa mankhwalawa m'zipatala zake mu 2004. Pa zaka zonsezi mamembala ambiri a TAC anamwalira asanaone zimene ankamenyera.

Ife kuno tinapindula nawo. Amene anali aakulu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira nthawi imene akalipentala a m'mphepete mwa misewu ankakhoma mabokosi a maliro kuposa mipando. Médecins Sans Frontières inayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, ndipo mu Juni 2004 boma la Malawi linayamba kuwapereka mwaulere ndi thandizo la Global Fund. Piritsi limene ambiri anayambira, Triomune, linali la Cipla yomwe ija. Pa mtengo wa $10,000 ndalama za thandizo zija zikanangokwanira anthu owerengeka. Choncho auzeni ana anu kuti si maloto, koma muwauzenso kuti zinatenga zaka zoposa 5, kuti anthuwo anaphunzira nkhani yawo mpaka kuidziwa ngati akatswiri, ndiponso kuti anagwiritsa ntchito khoti, msewu, nyuzipepala ndi bungwe loona za mpikisano nthawi imodzi, osadalira chimodzi chokha.

FUNSO: Ine ndi anzanga tatopa ndi kampani ina ya mafoni. Bandulo ya intaneti imatha usanaigwiritse ntchito mokwanira, ndipo ukaimbira ku ofesi yawo amangokupepesa. Tayamba kumema anthu pa Facebook ndi WhatsApp kuti tonse tinyanyale kugula mayunitsi kwa sabata imodzi. Kodi zimenezi zingathandize?
Mnyamata wa ku koleji, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, kunyanyala kugula ndi chida chenicheni, koma chimadula bwino pamene wogula ali ndi kwina kothawira. Anthu atayamba kunyanyala katundu wa Nestlé ku United States mu 1977, pokwiya ndi mmene mkaka wa m'chitini wa makanda unkatsatsidwira m'maiko osauka, ankatha kusiya khofi wa kampaniyo n'kugula wina pa shelefu yomweyo, ndipo anapirira kwa zaka mpaka bungwe la World Health Organization linakhazikitsa malamulo a katsatsidwe ka mkakawu mu 1981. Inu muli pamalo ena. Makampani akuluakulu a mafoni kuno ndi awiri okha, ndipo nambala yomweyo ndi imene mumalandirira ndalama kuchokera kwa makolo, kulipirira magetsi ndi kutumizirana ntchito za m'kalasi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pofika tsiku lachitatu anzanu adzakhala atagula mayunitsi mobisa, ndipo uthenga womema anthu kuti anyanyale udzakhala ukuyenda pa bandulo ya kampani yomwe mukuinyanyalayo.

Anzanu a ku South Africa anadutsa njira ina. Mfuu yakuti #DataMustFall inayamba pa intaneti mu 2016, koma siinathere pomwepo: inafika ku komiti ya Nyumba ya Malamulo, kenako Competition Commission inachita kafukufuku wa msika wonse wa intaneti ya pafoni. Lipoti lake lomaliza, la mu Disembala 2019, linapeza kuti mitengo inali yokwera ndiponso kuti osauka, amene amagula timabandulo ting'onoting'ono, ndi amene ankalipira zambiri pa megabaiti iliyonse. Mu Epulo 2020 Vodacom inatsitsa bandulo ya 1GB ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99.

Ngati mukufuna kuti mkwiyo wanu ubale kanthu, usandutseni manambala. Anthu 50 a m'gulu lanu ajambule pafoni uthenga wosonyeza nthawi imene anagula bandulo, kuchuluka kwake, zimene foni ikuonetsa kuti zagwiritsidwa ntchito ndi nthawi imene yathera, kwa mwezi wathunthu. Mukatero mulembere kampaniyo, ndipo ikapanda kuyankha zogwira mtima mupite nazo ku MACRA, limene ndi bungwe lopereka ziphaso kwa makampaniwa, komanso ku CFTC. Pemphani chinthu chimodzi chotheka kuchiyeza, monga chakuti bandulo yotsala isamafe tsiku likakwana. Mawu akuti "atsitse mitengo" aliyense angawavomere pawailesi osachita kanthu.

FUNSO: Kwathu kuno makampani ambiri akuluakulu eni ake ali kunja. Akawononga madzi kapena minda, amene timawaona ndi mamanejala olembedwa ntchito, ndipo amati iwo alibe mphamvu. Kodi munthu wa kumudzi angawafike bwanji eni akewo?
Bambo wa ku Chipata, Zambia

YANKHO: Bambo, yankho linachokera m'dziko lanu lomwelo. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi yoyandikana ndi Chingola anasuma ku London, akunena kuti zoipa zochokera ku mgodi wa Nchanga, wa kampani ya Konkola Copper Mines, zinawononga madzi amene ankamwa, kuthirira mbewu ndi kuwedzamo nsomba. Sanasumire Konkola yokha koma ndi kholo lake lomwe, Vedanta Resources, limene linalembetsedwa ku Britain. Vedanta inalimbana kwa zaka pafupifupi 4 pa mfundo imodzi yokha, yakuti mlanduwo si wa makhoti a ku England. Mu Epulo 2019 Supreme Court ya ku Britain inagamula kuti mlanduwo ungazengedwe kumeneko, mwa zina chifukwa anthu osaukawo sakanatha kupeza ndalama ndi maloya okwanira kuyendetsa mlandu waukulu chotere kwawo, ndiponso chifukwa kampani imene imalengeza m'malipoti ake kuti imayang'anira za chilengedwe m'makampani ake onse ingathe kufunsidwa pa mawu akewo. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khoti, kampaniyo osavomera kulakwa.

Khomo limeneli n'lotseguka kwenikweni pa makampani amene kholo lawo lili m'dziko limene makhoti ake amalola milandu yotere, ndipo ulendo wake ndi wautali. Chofunika kuyamba lero ndi kusunga mbiri: masiku amene madzi anasintha mtundu, zithunzi, mabuku a kuchipatala, maina a eni minda yowonongeka ndi makalata onse opita kwa mfumu, kwa khonsolo ndi ku bungwe la boma loona za chilengedwe. Mlandu suwola, koma umboni wosalembedwa umafa pamodzi ndi okalamba amene anaona.

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina yaikulu ndipo ndimadyetsa anthu 9. Ndikamva anthu a mabungwe akulalatira makampani pawailesi ndimachita mantha, chifukwa makampaniwa akatopa adzatseka n'kupita kwina, ife n'kutsala pa ulova. Ndiponso ambiri mwa olalatawa amangofuna kutchuka kuti adzapatsidwe mipando m'boma. Bwanji osangolisiyira boma kuti lichite ntchito yake?
Kalaliki, Limbe

YANKHO: Bambo, mantha anu ndi omveka ndipo sindiwapeputsa. Dziko limene ntchito zolembedwa n'zochepa ngati lathu siliyenera kuseweretsa olemba ntchito, ndipo n'zoona kuti si kukwera kwa mtengo kulikonse kumene kuli kuba. Kwacha itagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampani yoitanitsa zipangizo kunja sikanachitira mwina koma kukweza mitengo, ndipo womenyera ufulu wa ogula amene sasiyanitsa kukwera kotere ndi kwa umbombo amawononga mbiri ya ntchito yake yomwe. N'zoonanso kuti taonapo ena amene ankafuula kwambiri atangoti zii atalandira udindo. Ameneyo muweruzeni ndi funso losavuta: kodi wabweretsa umboni wotani, wakausiya ku ofesi iti, ndipo nkhaniyo anaitsatira mpaka pati makamera atachoka?

Koma pa mfundo yakuti makampani adzathawa, yang'anani nkhani zimene ndafotokoza pamwambapa. Tiger Brands ikuphikabe buledi ku South Africa, Vodacom ikugulitsabe mabandulo, ndipo GlaxoSmithKline sinagwe chifukwa chololeza ena kupanga ma ARV. Kuopseza kuti tichoka ndi mawu oyamba amene kampani imalankhula ikafunsidwa, ndipo kawirikawiri imakhalabe malinga ngati phindu lilipo. Amene amavutika msika ukakhala wopanda woyang'anira ndi kampani yachilungamo, mwina yomwe mukugwirayo, chifukwa imapikisana ndi ina imene ikubera pa sikelo kapena kuzemba miyezo ya Malawi Bureau of Standards. Komanso inuyo mukalandira malipiro pa mapeto a mwezi mumasanduka wogula ngati wina aliyense, ndipo anthu 9 amene mwawatchulawo amadya shuga yemwe mayi a ku Ndirande akumuvutikira pamzere.

Za kulisiyira boma, mbiri yathu yomwe ikuyankhani. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ogula mu 2003, ndipo lamulolo linati pakhale khonsolo yoteteza ogula, koma zaka zinapita zambirimbiri khonsoloyo isanaoneke. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linasainidwa mu 2017 koma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, atolankhani ndi mabungwe atalikakamira kwa zaka zambiri. Bungwe la Consumers Association of Malawi, limene linayamba mu 1994, chaka chomwe tinavota koyamba pa chisankho cha zipani zambiri, lakhala likukumbutsa maboma onse za malonjezo otere, ndipo mkulu wake John Kapito anatsogolera zionetsero za kukwera mtengo kwa zinthu pa 17 Januwale 2013. Mungathe kusagwirizana ndi kalankhulidwe ka anthu otere, koma boma limamva makampani tsiku ndi tsiku kudzera m'makalata, m'misonkhano yokonzekera bajeti ndi m'maphwando, pamene wogula limamumva pokhapokha wina atamulankhulira mokweza.

Simukukakamizidwa kupita pamsewu, ndipo pa ntchito yanu mwina si nzeru kutero. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 38, amapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo okonza zionetsero amayenera kudziwitsa DC kutatsala maola osachepera 48. Koma imfa za anthu 20 pa zionetsero za pa 20 ndi 21 Julaye 2011 zinatiphunzitsa kuti msewu uli ndi mtengo wake. Zilipo njira zina zimene kalaliki angathe kutsata popanda kuika ntchito yake pachiswe. MERA ikaitanitsa maganizo a anthu pa pempho lokweza mtengo wa magetsi, mungathe kupita kukamvera kapena kulemba kalata. Banki ikakudulani ndalama zosadziwika bwino ndipo yakana kufotokoza, mungathe kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene ili ndi nthambi yoona madandaulo otere. Ndipo popeza ndinu wodziwa kulemba makalata a mu ofesi, tsiku lina Loweruka mungathe kukhala pansi ndi amayi a magolosale a m'dera lanu n'kuwathandiza kulemba dandaulo lawo m'ndondomeko yake, ndi masiku ndi mitengo yomwe.